Uchi ndi tsabola m'chiwaya cha ku St. Paul

Ku Minnesota kuno nkhukundembo n'zambiri kuposa anthu. Anthu sakwana 6 miliyoni, koma alimi amaweta nkhukundembo zoposa 30 miliyoni chaka chilichonse, ndipo palibe chigawo china mu America muno chimene chimawaposa. Chakumadzulo kwa Minneapolis, m'tauni ya Willmar, n'kumene kuli likulu la kampani ya Jennie-O, imene dzina lake mumalipeza pafupifupi m'sitolo iliyonse ya zakudya. Komabe zoweta zonsezo simungazione zikupalasa pabwalo. Zimakulira m'makola ataliatali otsekedwa, ndipo ife zimatipeza zili kale m'firiji. Zina zimabwera zathunthu, zouma gwa ndi ayezi, zodikira chikondwerero cha Thanksgiving chakumapeto kwa Novembala. Zambiri zimabwera zogayidwa, zoikidwa m'timbale tapulasitiki ta paundi imodzi, omwe ndi magalamu 454.

Kambale kameneko ndiko ndiwo zanga zamadzulo masiku ambiri a ntchito. Ndimasamalira okalamba panyumba ina mumzinda wa St. Paul. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma hafu folo, kotero ndikamaweruka kunja kumakhala kuli bii, mphepo ikuluma makutu, mapazi atatupa ndi kuimirira. Munthu wofika kunyumba ali choncho alibe mphamvu zoti atereke nyemba. Anandiphunzitsa kaphikidwe ka nyama yogayayi ndi mnzanga wa kuntchito, mayi wa mtundu wa Hmong. Makolo ake anathawa nkhondo ku Laos chitadutsa chaka cha 1975, ndipo anthu a mtundu wake ndi ambiri zedi mumzinda muno. Ndiwonso amene amatipulumutsa ife a ku Africa m'miyezi yotentha, chifukwa pamisika yawo, monga Hmongtown Marketplace, mumapeza nkhwani, kholowa, mpiru ndi tsabola woyabwa zenizeni.

Ndimayamba ndi kutereka mpunga, poti ndiwo umachedwa. Kenako chiwaya pamoto, mafuta pang'ono, anyezi, adyo ndi jinja wosinja. Zikayamba kununkhira ndimakhuthuliramo nyama ija n'kuileka kaye osaitakasa, kuti ipsirire pansi. Mukaivundula msanga imatulutsa madzi n'kumawira m'malo mokazingika, ndiye imatuluka yotuwa, yosapatsa mudyo. Ikafiira ndimaiphwanyaphwanya ndi mthiko. M'kapu ndimakhala nditasakaniza kale masupuni atatu a sosi wa soya, awiri a uchi, tsabola wodula tizidutswa ndi madzi a ndimu. Ndikathira, chiwaya chimati chwaa, nthunzi n'kukwera, uchi n'kuyamba kumatirira, kanyama kalikonse n'kumanyezimira. Nyama ya nkhukundembo ilibe mafuta ambiri, ikakhalitsa pamoto imauma. Komanso yogaya siifuna kuiphula yosapsa: a zaumoyo kuno amati kutentha kwake kufike madigiri 74, omwe pamuyeso wawo wa Fahrenheit ndi 165. Mphindi makumi awiri zisanathe ndimakhala nditakhala pansi, mbale ili pamiyendo.

Ndiwo zimenezi n'zokoma, ndipo ndimazikonda. Zandisunga m'nyengo zozizira zimene ndikanangogona ndi tiyi. Koma palibe tsiku limene ndinazidya mtima uli kuno.

Kwathu ndi ku Chama, ku Zambia, m'chigwa cha Luangwa, kudera la Mfumu Tembwe. Ndinanyamuka Chama ili m'chigawo cha Muchinga, kumene Pulezidenti Michael Sata anaiika mu 2011. Nkhani yoti a Hakainde Hichilema aibwezera kuchigawo cha Kum'mawa mu 2021 ndinaimvera kuno pafoni. Amama ndimalankhula nawo kudzera pa WhatsApp ya mng'ono wanga, iye akakwera pachulu pamene netiweki imagwira. M'nyengo yozizira timasiyana maola asanu ndi atatu, ndiye ine ndikamaphika chamadzulo iwo amakhala ali m'tulo ta mbandakucha. Timalankhulana Loweruka, kuno kukucha, kwawo dzuwa litapendeka. Tsiku lina anandifunsa zimene ndimadya, ine n'kuwafotokozera zonse mwatsatanetsatane. Anakhala chete kanthawi.

"Uchi m'ndiwo? Mwanawe, kodi mchere kulibe kumeneko?"

"Ulipo amama, koma ndi mmene amadyera kuno."

"Nanga nsima ukudya?"

"Lamulungu ndimaphika, amama."

"Lamulungu lokha," anatero, osati mofunsa. Kenako anayamba kundiuza za mvula.

Amama sanalakwe kudabwa. Kwathu zotsekemera zili ndi malo ake, ndipo malowo si mumphika wa ndiwo. Timatafuna nzimbe. Mango akapsa mu Novembala ndi Disembala ana amayenda masaya ali chikasu mpaka m'makutu. Uchi amalume ankafula m'mphako za mitengo, n'kubwera nawo m'ndowa ndi malesa ake omwe, njuchi zina zikuyendayenda pamwamba, ife n'kumayamwa phula n'kulavula. Ngakhale mpunga tinkaudya ndi shuga m'mawa, kapena wophika ndi nsinjiro, ndipo palibe amene ankati wadya tsikulo ngati nsima sinalowe m'mimba. Tsabola naye sankalowa mumphika, chifukwa mumphika womwewo mumadya ana ndi agogo. Ankamusinja ndi mchere n'kumuika m'kambale pambali, aliyense azitapa monga mwa kulimba kwa lilime lake. Adada ankaluma wamuwisi, thukuta lili kamukamu, osanena kanthu.

Koma chimene chimandisautsa kwambiri m'chiwaya changa si uchi ayi. Ndi nyamayo. Ilibe fupa, ilibe khungu, ilibe chiwalo choti munthu n'kuloza kuti ichi n'chakuti.

M'chigwa mwathu ng'ombe n'zosowa chifukwa cha kashembe, choncho nyama imene tinkaidziwa bwino inali nkhuku, nsomba za mu Luangwa ndi m'mathamanda ake, nthawi zina mbuzi kapena nkhanga. Nkhuku sinkafa wamba. Pankayenera kubwera mlendo, kapena mwana kuchokera kusukulu yogonera, kapena Khirisimasi. Amama akangoloza tambala, anyamata ankamuthamangitsa kuzungulira nkhokwe, agalu akuuwa, mudzi wonse n'kudziwa kuti kwa auje lero kuli nkhuku. Ife atsikana tinkatereka madzi, kusosola nthenga, kuwawula pamoto wa tsanya, kutumbula mosamala kuti ndulu isaphulike. Matumbo tinkawatsuka n'kuwakulunga pazipalapasiro. Nkhuku yakumudzi ndi yolimba, imafuna moto wautali, ndiye fungo lake linkatizunza masana onse.

Ndiye ikafika nthawi yopakula, amama ankakhala pansi miyendo atatambasula, mbale zitawazungulira, chipande chili m'manja. Nthutumba inkapita kwa adada, ndipo ikasowa mumbale mwawo pankakhala mlandu woti ufotokozedwe. Ntchafu ndi chidale zinkapita kwa alendo. Agogo ankalandira chiwindi chifukwa cha mano. Ife ana tinkagawana khosi, mutu, mapiko ndi zipalapasiro zija, n'kumaphwanya mafupa mpaka kuyamwa zam'kati. Kambale kena ankakavundikira n'kundituma nako kwa azakhali kuseri kwa mtengo wa bwemba. Iwo eni ake ankatsala ndi msana ndi msuzi. Ndili mwana ndinkadandaula kuti zabwino zonse zimapita kwa akuluakulu, ndipo mpaka pano ndimaona kuti amayi ambiri kwathu amadzimana mopitirira muyeso. Komabe nkhuku imodzi ija inkawerenga anthu onse a pakhomo, osaiwala ndi mmodzi yemwe. Munthu ukalandira khosi unkadziwa kuti amama anakuganizira iwe pamene ankadula. Nyama yogaya supuni yoyamba ndi yomaliza n'zofanana. Inapangidwira munthu wodya yekha, ndipo munthu ameneyo ndine.

Utsi wa tsabola ukandikhosomoletsa kukhitchini, ndimakumbuka minda. Mbali yaikulu ya Chama ili m'dera la nyama la Musalangu, moyandikana ndi nkhalango ya North Luangwa, ndipo njovu sizidziwa malire. Mpunga ukayamba kucha, masana ndi nkhondo ya mbalame, ana kukuwa ndi kugenda kuyambira m'mawa mpaka mawu kusasa. Usiku ndi nkhondo ya njovu. Abambo amagona pansanja kumunda, moto uli pansi, zitini zoimba zili pafupi. Njovu imadana ndi tsabola, ndiye alimi amasakaniza tsabola wosinja ndi ndowe zake zomwe, n'kuumba njerwa zoti zizifuka usiku wonse kumbali kochokera mphepo. Ena amapaka tsabola ndi oilo wakutha pazingwe ndi nsanza n'kuzunguliza munda. Bungwe la COMACO, limene a Dale Lewis anayambitsa mu 2003, linakopa alenje ambiri kuti apereke mfuti ndi misampha n'kuyamba ulimi, ndipo ena mwa iwo tsopano amathamangitsa njovu powombera tsabola m'malo mwa zipolopolo. Bungwe lomweli limagula mpunga, mtedza ndi uchi kwa alimi n'kumagulitsa m'masitolo a m'tauni ndi dzina la It's Wild! Achimwene anga amagulitsako mpunga wawo kumeneko.

Chaka china njovu zinalowa m'munda wa mng'ono wanga usiku umene mwamuna wake anali kumaliro. Pofika m'mawa ntchito ya dzinja lonse inali matope okhaokha. Anandiimbira akulira, ndipo palibe amene anamubwezera ngakhale chitini chimodzi. Okalamba amene ndimawasamalira akamva kuti ndine wa ku Zambia maso awo amawala, ena n'kundionetsa zithunzi za njovu zimene anajambula ali paulendo. Ndimasangalala nawo, chifukwa nanenso njovu ndimazinyadira. Koma ndimawauzanso kuti pali mayi wina amene anazidyetsa ndi chakudya cha ana ake, ndipo ndimafuna kuti wodya mpunga wa ku Chama ku Lusaka adziwe kuti pali munthu anaugonera panja.

Mpunga umene ndimathirapo nyama yangayi ndi wa jasmine wochokera ku Thailand. Ndi wabwino, ndipo pa mitundu yonse ya m'sitolo ndi umene umayandikirako. Koma munthu wa ku Chama pankhani ya mpunga savomera msanga. Wathu umamera m'madambo ndi madzi a mvula, timaukolola cha mu Meyi ndi Juni, kuupuntha, kuuyanika pamphasa. Watsopano amama ankausinja mumtondo ndi mng'ono wawo, minsi iwiri ikulandizana, kenako kupeta m'lichero, mankhusu akuuluka, nkhuku zikulimbirana pansi. Ife tinkabwira timisere totsalira. Ukakhala pamoto sunkabisika. Wodutsa panjira ankaima n'kunena kuti odi, ndipo ankalandiridwa. M'nyumba yosanja imene ndimakhala, fungo la chakudya limakokedwa ndi makina a pamwamba pa chitofu n'kutulukira kudenga, ndipo anansi anga ndimangowadziwa nkhope.

Minnesota nayonso ili ndi mpunga wake, wakuda, wautali, womera wokha m'nyanja za kumpoto. Eni nthaka a mtundu wa Ojibwe amaukolola chakumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, awiriawiri m'bwato, wina akupalasa ndi mtengo wautali, wina akuweramitsa ngala ndi ndodo n'kumagogoda kuti njere zigwere m'bwatomo. Boma la chigawo chino linaulemekeza mu 1977 kuti ndiyo mbewu yake. Ndinaonako pachionetsero china mayi wachikulire akuupeta m'lichero la khungwa la mtengo. Kaponyedwe kake, kagwedezedwe ka dzanja, kupendekera kumphepo, zonse zinali za amama. Ndinaima pamenepo mpaka anamaliza, misozi ikutsika, anthu akundilambalala. Ndinagula kapaketi kamodzi ngakhale unali wodula. Kukoma kwake n'kwina, kwa utsi ndi mtedza, koma umamveka kuti unadutsa m'manja mwa munthu.

Masiku ano ndikaphika nyama ija ndimachulutsa. Ndimapatula ina m'kabokosi n'kupita nayo kuntchito kwa mnzanga uja, iye n'kundibweretsera mpiru wowawasa wa kwawo. Lamulungu, ndikapeza nkhuku yolimba kumsika wa a Hmong, ndimaitana mtsikana wina wa ku Mzimba amene akuphunzira za unamwino ku Minneapolis. Chitumbuka chake ndi Chisenga changa zimamvana bwinobwino. Ndimaphika nsima, nkhwani wotendera, tsabola pambali m'kambale kake. Tsiku loyamba ndinamuikira nthutumba mumbale mwake. Anaiyang'ana n'kunena kuti, "Anti, iyi si ya ine." Ndinamuuza kuti panyumba pano mlendo ndi iyeyo, adye.

Tchuthi ndapempha cha mu Juni. Ndikatera ku Lusaka ndidzakwera basi pa Intercity, Great East Road yonse mpaka ku Chipata, kenako Lundazi, kenako msewu wafumbi uja wotsikira kuchigwa, umene nthawi ya mvula umagoneka magalimoto panjira koma mu Juni umadutsika. Mng'ono wanga ndamuuza kuti thumba limodzi asapite nalo kuchigayo, tidzasinje tokha mumtondo. Wati manja anga anafewa, adzatuluka matuza tsiku loyamba lomwe, ine ndati atuluke. Amama akuti tambala wofiira awaletsa kale anyamata kuti asamugulitse, ndipo atumiza mawu kwa azakhali kuti asadzapite kutali mwezi umenewo.