KAWASHALA KAMENE KANATIGONEKA PA NJIRA

Abale anga ogwira ntchito m'migodi, ndiloleni ndikuuzeni za kanthu kakang'ono kamene kanandichititsa manyazi pamaso pa malume anga. Kanthuko ndi washala, kachitsulo kozungulira kokhala ndi chibowo pakati, kamene kamavekedwa pa bawuti yotulutsira oyilo pansi pa injini ya galimoto. Mtengo wake suposa wa buledi mmodzi, koma ine kanandidyera malipiro a theka la mwezi.

Malume anga agwira ntchito pansi pa nthaka zaka zambiri kuno ku Bindura. Atasunga ndalama anagula Honda Fit yochokera ku Japan, monga zija zadzaza m'misewu ya ku Chipadze ndi ku Chiwaridzo. Mtima wawo unali pa chinthu chimodzi: kukafika nayo kwathu ku Ntcheu pa Khirisimasi ya 2023, kuti agogo akaione ndi maso. Kutatsala masiku awiri ine ndinati, "Malume, musataye ndalama kwa makaniko. Oyilo ndisintha ndine." Iwo anavomera, ndipo ntchito ndinaigwirira pabwalo pa nyumba yathu ku Aerodrome.

Nditamasula bawuti ndinaona kuti mutu wake unali wodyeka ndi sipanala, choncho ndinathamangira m'tauni kukagula ina. Wogulitsa anangoiyang'ana nati, "Iyi ilowa." Inenso sindinafunse. Washala watsopano sindinagule, pakuti ndinati wakale yemweyo akwanira, ngakhale anali wophwatalala ngati ndalama yopondedwa ndi sitima. Pomanga, bawuti inazungulira kawiri ndi zala nikakamira. M'malo moleka, ndinatenga sipanala, ndinaivekanso paipi, ndipo ndinakoka ndi mphamvu zonse. Ndinatuluka pansi pa galimoto ndiri wokondwa kuti ndamanga zolimba.

Tinanyamuka m'mamawa, tinadutsa Murewa ndi Mutoko bwino lomwe. Tisanafike pa Kotwa, panjira ya ku malire a Nyamapanda, kanyali kofiira ka oyilo kanayaka. Mwayi wake malume anaima pomwepo nazimitsa injini. Titasuzumira pansi tinapeza kumimba konse kwa galimoto kwada bii, oyilo akudontha pa bawuti yanga ija. Kachitsulo koyezera oyilo kanatuluka kouma. Usiku umenewo tinagona m'galimoto m'mbali mwa msewu, katundu wa agogo tiri naye pamiyendo.

M'mawa mwake tinapeza makaniko wachikulire, ndipo iye ndiye anandiphunzitsa zimene ndikulemba pano. Anandionetsa kuti bawuti iri yonse iri ndi miyeso iwiri: kunenepa kwake, ndi kutalikirana kwa mazinga ake. Ya Honda Fit amailemba M14 x 1.5, kutanthauza kuti ndi yonenepa mamilimita 14, ndipo mazinga ake ndi otalikirana mamilimita 1.5. Imene ndinagula ine inali yonenepa chimodzimodzi, koma mazinga ake anali a 1.25. Ndi maso simungaone kusiyana kwake, koma chitsulo chimadziwa. Sampu ya galimotoyi, ndiko kuti mphika wa pansi umene umasunga oyilo, ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa. Bawuti yanga yolimba inadya mazinga a sampu monga chiswe chidyera nsungwi. Makaniko anachita kudula mazinga atsopano ndi kuikapo bawuti yokulirapo.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi ichi, abale anga: ine ndine kalaliki, tsiku ndi tsiku ndimalemba manambala a zitsulo m'buku, ndipo sindingalole kuti bawuti ituluke m'sitolo ya pa mgodi popanda nambala yake. Koma pa galimoto ya malume anga ndinagula ndi maso okha. Akulu anati safunsa anadya phula.

Tsono inu amene mwagula magalimoto ndi thukuta lanu, a ku Freda Rebecca, a ku Shamva ndi ena nonse, gwirani mawu awa.

Choyamba, pokagula bawuti tengani yakale. Gundanitsani mazinga a ziwirizo moyang'ana kuwala. Akapanda kulowana bwino lomwe, isiyeni. Musaganize kuti magalimoto onse a ku Japan ndi amodzi. Toyota ndi Nissan zambiri zimafuna M12 x 1.25 yomasulidwa ndi sipanala ya 14, pamene ya Honda imamasulidwa ndi ya 17.

Chachiwiri, washala asinthidwe nthawi iri yonse mukasintha oyilo. Amapangidwa ndi aluminiyamu kapena mkuwa mwadala, kuti pomanga aphwanyike pang'ono ndi kutseka timipata tonse. Akaphwanyika kamodzi, ntchito yake yatha. Chibowo chake chifanane ndi bawuti: washala wa 14 pa bawuti ya 12 amakhala mopendekera, ndipo oyilo amapeza njira.

Chachitatu, yambani kumanga ndi zala mpaka bawuti ifike pa washala. Ikakana zala, idzawononga ndi sipanala. Pomaliza mangani mwachikatikati. Amene ali ndi sipanala yoyezera mphamvu aike pafupi ndi 40 Nm pa magalimoto ang'ono otere. Paipi njosafunika konse.

Chachinayi, mukatha lizani injini mphindi zingapo, pukutani pansi, ndipo usiku yalani katoni pansi pa galimoto. Dontho limodzi m'mawa likuuzani zoona mukadali pakhomo. Fit imanyamula oyilo wosakwana malita 4, kotero kadontho ka pa ulendo wautali sikachedwa kuumitsa sampu. Ndipo kanyali kofiira kakayaka, imani pomwepo. Kamanena kuti oyilo sakufikanso m'zitsulo za injini.

Ife tinaoloka Zambezi pa Tete, tinalowa m'Malawi, ndipo ku Ntcheu tinafika pa 26 December, nyama ya Khirisimasi itatha. Ndalama za makaniko ndi za oyilo watsopano ndinalipira ndine. Malume sanandikalipire. Pobwerera anangondipatsa kathumba ka mawashala khumi nati, "Mphwanga, awa uwalembe m'buku lako lija." Kathumbako kali m'galimoto mpaka lero, ndipo atsalamo asanu ndi mmodzi.

Ndatha ine wanu,
Kalaliki wa ku Aerodrome, Bindura.