Buku loyambira

Wina wandifunsa kuti ayambe ndi buku liti la Chichewa. Ine mosazengereza ndati Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Ndi lopyapyala, mungalimalize mukudikira kuti minibasi idzaze, koma nsanje ya Gwenembe idzakutsatirani mpaka pogona. Langa ndinaliwerengera pa koloboyi, chikuto chitathothoka kale, masamba akununkha utsi.

Mukamaliza limenelo sakani Nthondo la Samuel Ntara, la 1933, lomwe Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Chinyanja chake n'chakale, musaliwerenge mothamanga ayi.

Njala Bwana la Willie Zingani ndikanakubwerekani, koma amene analitenga chaka chatha mpaka lero ali zii. Achimwene, mukudzidziwa, bwezani buku langa.