Nankafumbwe wa mu PostgreSQL

Kuno ku Chitala magetsi akathima, maganizo anga amapita kwa anthu okonza mapulogalamu a kompyuta amene sitidzawaona nkhope. Malipoti a zipatala za m'boma la Salima, a malungo, a katemera, amakathera mu pulogalamu ya DHIS2, ndipo pansi pa DHIS2 pali PostgreSQL, yomwe imasunga malipotiwo. Iyoyo isanasinthe kalikonse imayamba yalemba m'kaundula wake wotchedwa WAL, kuti seva ikazima mwadzidzidzi idzapitirize pomwe inalekezera.

Mu 2018 katswiri wina, Craig Ringer, anatulukira zoopsa. PostgreSQL ikauza Linux kuti isunge zinthu pa disiki kudzera mu fsync, zikakanika, inkangoyesanso. Kachiwiriko Linux inkatha kuyankha kuti zonse zili bwino, chonsecho zijazi zatayika kale. Vutoli linakhalamo zaka zambiri lili phee, ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga.

Mankhwala ake anatuluka mu February 2019, ndipo amamveka ngati nthabwala: fsync ikakanika, seva idzigwetse dala, idzuke, iwerengenso WAL. Ine ndikuti okonza PostgreSQL anaganiza bwino, kuchedwa pang'ono sikupweteka namwino aliyense. Nanga inu osamala maseva, PostgreSQL yanuyo ndi ya chaka chiti?