MLENDO MU MZINDA WA JAKARTA

Ambiri mwa inu aseminale mudzatumidwa kutali, ena kukaphunzira, ena ku misonkhano ya Mpingo. N'chifukwa chake ndafuna kugawana nanu zimene ndinaona m'masabata atatu omwe ndinakhala ku Jakarta, mzinda waukulu wa dziko la Indonesia. Mzindawu uli pa chilumba cha Java ndipo muli anthu oposa 10 miliyoni.

Abale anga atamva za ulendowu, nkhawa yawo inali pa chipembedzo, poti ku Indonesia kuli Asilamu ambiri kuposa dziko lina lililonse. Nkhawayi siinali yopanda maziko, pakuti usiku wa pa 24 Disembala 2000 zigawenga zinaphulitsa mabomba m'matchalitchi angapo m'dzikomo. Komabe ine ndinapeza Katedrale ya Akatolika, yomwe inadalitsidwa mu 1901, itayang'anizana ndi mzikiti waukulu wa Istiqlal. Amene anajambula mapulani a mzikitiwo anali Mkhristu, Friedrich Silaban. Mu Seputembala 2024 Papa Francis anacheza pa mzikitiwu. Tsiku Lamulungu apolisi amalondera pa chipata, ndipo amakusecha chikwama usanalowe ku Misa. Zoopsa zenizeni kwa mlendo ndi zina zazing'ono zimene munthu sangaziganizire.

Choyamba ndi udzudzu. Ife tinazolowera kuti udzudzu umaluma usiku, ndipo masikito ndiye chitetezo chathu. Ku Jakarta malungo si vuto kwenikweni. Matenda amene amagoneka anthu ndi dengue. Udzudzu wake, wamawanga oyera m'miyendo, umaluma masana, makamaka m'mawa ndi chakumadzulo, ndipo umaswana m'madzi oyera a m'zitini ndi m'miphika ya maluwa. Choncho valani malaya a manja aatali ngakhale kukutentha, ndipo dzolani mafuta othamangitsa udzudzu. Thupi likatentha musamwe asipirini, chifukwa pa matendawa amachititsa kuti magazi azituluka. Imwani panado ndipo pitani kuchipatala msanga.

Chachiwiri ndi madzi. A pampopi samwedwa, ngakhale eni mudzi amawiritsa kapena kugula a m'mabotolo. Kutentha kumapyola madigiri 30 pafupifupi tsiku lililonse, kotero munthu amatuluka thukuta ngati akulima. Yendani ndi botolo lanu. Chakudya cha m'misewu n'chokoma, makamaka mpunga wokazinga umene amautcha nasi goreng. Wansembe wina wa komweko anandilangiza kuti ndizidya pamene pali anthu ambiri ndiponso pamene akuphika ine ndikuona. Malangizo amenewa anandisunga, sindinatsegule m'mimba ndi tsiku limodzi lomwe. Tsabola wawo, sambal, yambani n'kulawa chabe, ngakhale inu odya kambuzi. Mowa wosadziwika kumene wachokera upeweni; wina amausakaniza ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu ndi kupha.

Chachitatu ndi msewu. Galimoto zimayenda kumanzere monga kwathu kuno, koma njinga zamoto n'zochuluka ngati mafulufute, ndipo zimatulukira paliponse. Poolokera tsatani eni mudzi. Akabaza a njinga zamoto amawatcha ojek. Musakwere popanda chipewa choteteza mutu. Mabasi a Transjakarta, omwe anayamba mu 2004, ali ndi njira yawoyawo, ndipo sitima ya MRT inatsegulidwa mu 2019. M'basi yodzaza ikani chikwama kutsogolo, pakuti opisa m'matumba ali m'mizinda yonse ya padziko. Nthawi ya dzinja, makamaka Januwale ndi Febuluwale, madzi amasefukira m'misewu monga anachitira mu 2007 ndi 2020. Madzi otere musapondemo. Ndi a m'ngalande zonyansa.

Chinanso, pabwalo la ndege musanyamulire munthu katundu, ngakhale akudandaulireni chotani. Malamulo a ku Indonesia amalola chilango cha imfa kwa wogwidwa akuzembetsa mankhwala ozunguza bongo. Chifundo cha mseminale chiyenera kuyenda limodzi ndi nzeru.

Koma chimene chinanditeteza koposa ndi ulemu. Kumeneko sapereka kapena kulandira chinthu ndi dzanja lamanzere, amavula nsapato polowa m'nyumba, ndipo sakweza mawu pokangana. Ndikanena kuti "terima kasih", ndiye kuti zikomo, nkhope zinkamasuka, ndipo anthu osandidziwa ankandilozera njira, ena mpaka kundiperekeza. Safunsa anadya phula, anatero akuluakulu.

Abale anga, malamulo a paseminale pano okhudza kusamba m'manja, kugona m'masikito ndi kusanzika potuluka angaoneke otopetsa lero. Dziwani kuti akukuphunzitsani kusunga thupi limene Mulungu anakupatsani kuti mutumikire nalo. Wansembe wogona m'chipatala cha kutali sangathe kuchita Misa, ndipo makolo amene anakuperekani ku Mpingo amayembekeza kuti mudzabwerera kwanu muli amoyo.