Pa Phiri la Gianicolo, Kumene Akonza Mitima ya Ana

Munthu akachoka pa bwalo la Petulo Woyera mu mzinda wa Roma, nalunjika kumwera, ayamba kukwera phiri lotchedwa Gianicolo. Pamwamba pake aona mzinda wonse, mtsinje wa Tevere ndi matchalitchi osawerengeka. Tsiku lililonse dzuwa lili paliwombo asilikali aomba mzinga pomwepo, ndipo mabelu a mumzinda alira. Pambali pa phirilo, kufupi ndi tchalitchi cha Sant'Onofrio, pali chipatala cha ana dzina lake Bambino Gesù, ndiko kunena Mwana Yesu.

Chiyambi chake chinali chochepa. M'chaka cha 1869 mai wina wolemera, Arabella Salviati, anagwidwa chifundo poona ana odwala a amphawi. Ana ake anampatsa tindalama timene anasunga, ndipo anatsegula kanyumba ka mabedi anayi, masisitere a Vinsenti Woyera nasamala odwalawo. M'chaka cha 1887 anasamukira kuphiriko, ndipo mu 1924 banjalo linapereka chipatalacho kwa Papa Pius XI. Ndicho chifukwa chake achitcha chipatala cha Papa.

Mwa ntchito za kumeneko, imvani imodzi yozizwitsa. Mulungu anaumba mtima ndi zipinda zinayi, naikamo kamphamvu konga magetsi kamene kayamba m'chipinda chakumwamba cha kudzanja lamanja, katsikira ku zipinda zapansi podzera khomo limodzi lokha. Pamenepo mtima ugunda mwa dongosolo. Koma ana ena abadwa ndi kanjira kena kachidule. Mphamvuyo itsika pa khomo, ibwerera pa kanjirako, nizungulira osaleka, kotero mtima uthamanga koposa 200 pa mphindi imodzi. Madokotala atatu, Wolff, Parkinson ndi White, analongosola nthenda yotere m'chaka cha 1930, ndipo itchedwa ndi maina awo.

Kale, pofuna kudula kanjirako, anali kung'amba chifuwa. Lero agonetsa mwana ndi mankhwala, nalowetsa tizingwe toonda tofewa, totchedwa catheter, mu mtsempha wa m'mphechepeche, natiyendetsa pang'onopang'ono kufikira mumtima. Tizingweto timva mphamvu ija, ndipo makina aonetsa pamene pabisala kanjira. Dokotala akapapeza, atenthetsa nsonga ya kachingwe, kapena aiziziritsa kwambiri, nawononga kamalo kochepa ngati njere ya mapira. Kanjira katsekeka, mtima nubwerera m'mayendedwe ake. Mwa ana khumi, oposa asanu ndi anayi achira, ndipo ambiri atuluka m'mawa mwake, opanda chipsera pachifuwa.

Komabe ntchitoyi ifuna dzanja losamala, pakuti kanjira kakakhala pafupi ndi khomo lenileni, khomolo lingaonongeke, mwana nasowa kamakina kogunditsa mtima moyo wake wonse. Apa kuzizira kuthandiza: ayamba kuziziritsa pang'ono, ndipo akaona choipa aleka, malowo natsitsimuka. Makanda sawafulumizira, awapatsa mankhwala akumwa, popeza mwa ambiri nthendayi ileka yokha asanathe chaka chimodzi.

Njira yonseyi inatsegulidwa ndi Werner Forssmann, dokotala wa ku Germany, amene mu 1929 analowetsa kachingwe m'mkono mwake mwini kufikira kumtima, pamene anzake anayesa kuti kutero ndi imfa.

Tsono inu abambo ndi amai, Roma ali kutali, koma nthendayi isankha dziko ai. Khanda likakana bere, lituluka thukuta, lipuma msangamsanga ndi kutumbuluka. Mwana wamkulu akadandaula kuti mtima uli kuthamanga, kapena akakomoka posewera, musataye masiku ndi kuombeza ula kapena kunamizira mnansi ufiti. Pitani naye msanga kuchipatala, mufotokoze bwino zimene mwaona, mupemphe kuti ayese kugunda kwa mtima wake. Ndipo popemphera kolona madzulo m'banja mwanu, kumbukirani ana odwala ndi onse owasamala, kuti Mtima Woyera wa Yesu uwasunge.