Mabere ofota pa mtengo wa mlombwa

Kasemasema ndinaphunzira kumugwira ndili wothawa nkhondo ku Dedza. Titabwerera kuno ku Domwe pambuyo pa mtendere wa 1992, chiboliboli choyamba chimene ndinaikapo mtima wanga wonse chinali cha mayi. Ndinamusema pa mlombwa, mtengo uja ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Mtolo uli pamutu, mwana m'manja, nsalu yatsetserekera m'chiuno. Mabere ake ndi ofota ngati fodya wouma, koma mwana akukokabe. Mabere amenewo ndinawaona ndi maso angawa panjira tikuthawa. Ndikanamuveka bulauzi, njala ija ikanabisika, pakanangotsala mayi wosenza katundu.

Pachifuwa pokhapo ndinathapo milungu iwiri. Bere lodzala mkaka silivuta, umangozungulira ndi tchizulo n'kusalaza. Lofota limafuna mpeni waung'ono ndi kuleza mtima: khwinya lililonse uzilitsata mmene mtengo wayendera, ukangoupinga lathetheka.

Kwathu kuno bere la woyamwitsa si umaliseche. Mayi amayamwitsa pamaliro, pamsika wa ku Ulongwe, ngakhale m'tchalitchi, popanda womucheukira. Ntchafu ndiye nkhani ina. Nayenso Yesu amene timasema pamtanda nthiti zili pamtunda, kansalu m'chiuno basi, ndipo agogo amamugwadira osachita manyazi, chifukwa bala la mkondo lija liyenera kuoneka. Nditapita kukaona ntchito za anzanga ku Kungoni, ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anatsegula malo osemera mu 1976, ndinabwerako nditalimba mtima.

Chaka china kunabwera bambo wina wopikula ziboliboli zokagulitsa kwa alendo. Ankafuna anamwali khumi osavala, onse ofanana. "Achimwene, zimenezi ndiye zikuyenda malonda," anatero. Ndinawafunsa kuti anamwaliwo akhale akuchita chiyani, akuchokera kuti. Anati angoima basi, bola ziuno zioneke. Mumtima munandiwawa, chifukwa nane ndili ndi ana aakazi. Za kutsimba ndi za anankungwi, ndipo ngakhale zojambula za chinamwali zija zili m'mapanga a Chongoni, makolo anakaziika kuphiri, kutali ndi maso a aliyense. Ndinakana.

Ndalama yake ikanandigulira feteleza, ndipo chaka chimenecho kachewere wanga sanachite bwino. Mayi wa mlombwa uja sindinamugulitse. Ali pakona m'nyumba, ndipo mayi anga asanamwalire ankamusisita pachifuwa n'kumatchula mayina a anzawo amene sanafike ku Dedza.