Kabudula wothina ndi maso a apongozi

Ndiloleni ndiulule nkhani yomwe yandivutitsa chaka chathunthu, ngakhale ena aiona ngati yachibwana. Ndi nkhani ya kabudula.

Ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala ku Zomba, ndipo ndimakonda mpikisano wa njinga za m'mapiri. Sindikunena njinga zothamangira pa tala ayi, koma zija za matayala onenepa zomwe timalowa nazo m'tinjira ta m'nkhalango, modutsa mizu, miyala ndi timitsinje. Mtundu womwe ndimachita nawo amautcha cross-country. Mumazungulira kangapo kanjira kamodzimodzi ka makilomita 4 kapena 5, kokhala ndi zitunda ndi mitsetse, ndipo wamaliza msanga ndiye wapambana. Akatswiri amatha pafupifupi ola ndi theka. Masewerawa analowa mu Olympics mu 1996 ku Atlanta, ndipo mu 2024 Alan Hatherly wa ku South Africa anakhala wachitatu ku Paris, kenako chaka chomwecho n'kukhala katswiri wa dziko lonse. Mukawaonera pa kanema anthu amenewa, pafupifupi onse amakhala atavala kabudula wothina, womata thupi mwakuti ungati anabadwa naye.

Ine ndinayamba ndi kabudula wa kaki, uja wa matumba m'mbalimu, m'kati nditavala panti wa thonje monga mwa masiku onse. Loweruka lina ndinakwera kuchokera m'tauni mpaka ku Ku Chawe, n'kupitirira kukazungulira ku Chingwe's Hole. Pobwerera thukuta linali litanyowetsa zonse, ndipo msoko wa panti unali ukundicheka m'mphechepeche nthawi iliyonse ndikapalasa. Ndinanyuka koopsa. Lolemba ndinalowa mu ofesi ndikuyenda motang'adza, ndipo pofika masana ndinali nditamva kale kuti anzanga akunong'onezana zoti bambo uja watenga matenda aja osatchula. Kufotokoza kuti ndi njinga kunangowonjezera chiseko.

Mnzanga wina wa ku Blantyre, yemwe anayamba kale masewerawa, ndiye anandimasula. Anati chinsinsi cha kabudula wothina si kuthinako kokha ayi, koma kasiponji kosokerera pakati pa miyendo, komwe kamakhala pakati pa thupi ndi chishalo. Kale kwambiri okwera njinga ankasokererapo chikopa chofewa, n'chifukwa chake mpaka lero kamatchedwa chamois, dzina la nyama ina yonga mbuzi ya m'mapiri a ku Ulaya. Kuthinako n'kofuna kuti kasiponji kasasunthe, chifukwa chomwe chimanyula munthu ndi nsalu yoyendayenda pa khungu lonyowa. Kenako ananena mawu omwe anandiimitsa mutu: kabudula ameneyu savalira panti m'kati. Ukavalira, wabwezeretsa msoko womwe umauthawa uja. Ndipo ukangotsika pa njinga umuvule n'kumuchapa, apo ayi zithupsa zikupeza.

Ndinamupeza pa kaunjika mu msika wa Zomba, wakuda, wa malamba odutsa m'mapewa. Wogulitsayo ankaganiza kuti ndi chovala chosambira cha amayi, choncho sanandidulitse. Tsiku loyamba kumuvala ndinakwera phiri maola atatu n'kutsika osamva kalikonse. Ndinadziwa kuti kwa kaki uja sindibwererako. M'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri.

Vuto linabwera kuchokera kwina. Masiku ena ndikafuna mtunda wautali ndimatsata njira za fumbi za cha ku Domasi, ndipo njira imodzi imadutsa m'mudzi momwe ndinakwatira. Tsiku limenelo madzi anandithera, ndiye ndinaima pa mjigo kuti nditungire m'botolo. Munthu ukakhala pa chishalo kabudulayu saonetsa zambiri. Koma ukatsika n'kuimirira, palibe chomwe amabisa. Amayi omwe anali pa mjigo anangoti zii, ena n'kuyang'ana kumbali. Ana anayamba kuitanizana. Ndipo pakati pa amayiwo panali apongozi anga aakazi, omwe anatula ndowa pansi, n'kukokera chitenje kumaso, n'kulowera kuseri kwa nthochi.

Madzulo ake mayi a kunyumba anandidikira ndimalize kudya.

"Bambo, mayi anaimba foni," anatero.

"Akuti bwanji?"

"Akuti ndikufunseni ngati ndalama ya nsalu yavuta. Akuti ngati yavuta musachite manyazi, iwo agulitsa nkhuku."

Ndinayesa kuseka koma anzangawo sanaseke nawo. Anati m'mudzi monse nkhani ndi yoti mkamwini wawo akuyenda maliseche dzuwa likuswa mtengo, ndipo azichimwene awo afunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino.

Anzanga ena okwera njinga nditawauza anati amenewo ndi maganizo achikale, ndingowasiya. Ine sindinagwirizane nawo. Mayi amene uja anandipatsa mwana wake, ndipo chiyambire sanandiyang'anepo m'maso chifukwa cha ulemu. Kuti ine ndikaime pamaso pake m'chovala chotere, wolakwa si iye. Komanso tisaiwale dziko lomwe tikukhala. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala thalauza ndi madiresi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo ngakhale mu 2012 tinamva za amayi omwe anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza. Ine ndinangosekedwa basi. Mtsikana wina yemwe timakwera naye amamanga chitenje pamwamba pa kabudula wake mpaka atalowa m'nkhalango, ndipo potuluka amamanganso. Iye sakuopa chiseko chokha.

Choncho ndinapeza nzeru yoti ndisangalatse mbali zonse: wothina m'kati, wokhwepa pamwamba. Si nzeru yachilendo. Makabudula okhwepa opangidwira njinga za m'mapiri amabwera ndi kena kothina ka siponji m'kati mwake. Ochita mpikisano wotsetsereka phiri wokhawokha ankavala zokhwepa, moti pa nthawi ina bungwe loyendetsa masewera a njinga pa dziko lonse la UCI linafika poletsa zovala zothina za lycra pa mpikisano umenewo. Ngakhale mu cross-country momwemo munali akatswiri awiri, Manuel Fumic wa ku Germany ndi Marco Fontana wa ku Italy, omwe ankadziwika ndi kupikisana atavala makabudula okhwepa. Ndinati ngati iwowa ankatha, ine ndingalephere bwanji?

Chomwe sindinaganizire n'chakuti makabudula awo anasokedwera ntchito imeneyo, ogwira bwino m'chiuno, ndipo nsalu ya pakati pa miyendo siilendewera. Wanga anali wa basketball wa pa kaunjika, wofika m'mawondo, pakati pake polendewera ngati thumba.

Mu Okutobala tinakonza kampikisano kathu pa phiri la Zomba, anthu 14, kuzungulira kanayi. Alamu anga anabwera kudzaonerera pamodzi ndi ana awo awiri, ndiye za kuvula wapamwamba uja sindinaziganizire n'komwe. Kutentha kwa mwezi umenewo mukukudziwa. Pomaliza ulendo woyamba nsalu ziwirizo zinali zitanyowa, wapamwambayo akulemera ndi kumata m'mawondo ndikamakwera chitunda. Anthu amakonda kunena za mphepo, kuti kabudula wokhwepa amakugwira ngati tanga ya bwato. Mwina pa tala. M'nkhalango, pomwe nthawi yambiri umakhala ukukwawa pa chitunda, mphepo si nkhani. Nkhani ndi kutentha, ndi china chomwe ndinachiphunzira pa ulendo wachitatu.

Panali mtsetse wina woima kwambiri, wa mizu ya paini, wothera pa kona. Pa malo otere sukhala pa chishalo. Umaimirira pa mapedulo n'kubweza thupi kumbuyo, matako pamwamba pa tayala lakumbuyo, kuti njinga isakuponye kutsogolo. Ukafika m'munsi umabwereranso kutsogolo msanga kuti tayala lakutsogolo ligwire pansi pokhota. Njinga zamakono zili ndi chishalo chotsika ukangodina kabatani pa handulo, koma yanga ilibe zimenezo. Ndinabwerera kumbuyo bwinobwino. Pofuna kubwera kutsogolo, nsalu yolendewera ija inakola kumbuyo kwa chishalo. Ndinakoka, osatheka. Kona inafika ine ndikadali kumbuyo ngati katundu wa pa kaliyala, tayala lakutsogolo linangoseseleka pa masamba a paini, ndipo ndinakadzuka ndili m'tchire.

Dzanja lamanzere linabinya, ndinakhala milungu isanu ndi umodzi osagwira handulo. Kabudula wokhwepa uja anang'ambika kuchokera pakati mpaka m'chiuno, n'kutsala akulendewera mwendo umodzi. Alamu anga ndi omwe anathamanga kudzanditola, ndipo chomwe ndinkabisa chija anachiona pafupi kuposa aliyense wa pa mjigo paja. Kunena chilungamo, ntchafu yomwe inali ndi nsalu ziwiri sinasupuke kwambiri ngati inzake. Okonda zokhwepa samanama akamati zimateteza ku minga ndi miyala. Koma ine sindikanagwa n'komwe.

Pondiperekeza kuchipatala alamuwo anandifunsa kuti, "Nanga alamu, munavaliranji ziwiri kutentha konseku?"

"Ndimaopa inu, alamu."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ife timadandaula za pa mjigo. Kuno kuphiri ndi kuntchito kwanu. Kodi osewera mpira amavala thalauza?"

Nditachira ndinatenga kabudula wina wopepuka n'kupita naye kwa telala. Ndinamuuza amuchepetse m'ntchafu, akweze pakati kuti pasalendewere, ndipo afupikitse asafike m'mawondo. Ameneyu ndiye ndimavala pamwamba ndikamadutsa m'midzi ndi m'misika, komanso ndikadziwa kuti nditsika pa njinga pali anthu. Ali ndi thumba lomwe ndimaikamo makiyi ndi ndalama ya nthochi, chinthu chomwe wothina uja alibe. Koma pa tsiku la mpikisano, likangotsala pang'ono kulira wezulo, ndimamuvula. Pa kanjira ka mizu ndi miyala, pomwe thupi limachoka pa chishalo n'kubwererapo kosawerengeka, sindidzalolanso nsalu yolendewera pakati pa miyendo yanga.

Kunyumba nkhaniyi sinatheretu. Mayi a kunyumba amakana kuyanika kabudula wothinayo pa chingwe cha panja. Amamuyanika kuseri kwa bafa, pomwe amayanika zovala zam'kati, ndipo ine ndinasiya kutsutsa.

Mwezi wathawu tinapikisananso pa kanjira komwe kaja. Alamu anga anabwera, ndipo ndi iwo amene anandisungira wokhwepa uja, atamupinda bwinobwino m'khwapa. Nditangodutsa mzere womalizira anandipatsira ndisanatsike n'komwe pa njinga. Ndinali wa nambala 9. Madzulo apongozi anaimba foni kwa mwana wawo kufunsa ngati bambo aja abwerako amoyo, ndipo atamva kuti inde, anafunsanso ngati anavala.